Ampu ya bezi ikumaduka mawu, kulira kapena kuthetheka? Musathamangire kuitsegula

Amene mumayimba bezi mukudziwa mmene zimawawira. Pa prakatisi ampu ili bho, kunyumba ili bho, koma mukangokwera pa siteji nyimbo yafika pokoma, wa madiramu akukuyang'anani kuti mulowere limodzi, mawu angoti zii. Mukaimenya pang'ono pamwamba abwerera, pakapita mphindi zingapo adukanso. Ine vuto limeneli linandisautsa miyezi ingapo ndithu, ndipo zomwe ndinaphunzira nthawi imeneyo ndi zimene ndikufuna tigawane pano, chifukwa ndimaona anzanga ambiri akuthamangira kukatsegulitsa ampu, ena mpakana kuigulitsa motaya, pomwe vuto lake linali loti munthu atha kulipeza yekha atakhala pansi modekha.

Nkhani yake ndi imodzi basi. Mawu a bezi amayenda njira imodzi, amachoka pa nsambo nkulowa mu ma pickup, tizida totola mawu tili pansi pa nsambo tija, adutse pa ma nobu a gitalayo, atulukire pa jeki, ayende mu kebo, ngati muli ndi ma pedal adutsenso mmenemo, kenako alowe pa input ya ampu. Mkati mwa ampumo muli zigawo ziwiri, preamp yomwe ili ndi gain ndi EQ, ndi power amp yomwe imapereka mphamvu zokankhira sipika. Kuchoka apo ndi kebo ya sipika, kenako sipikayo. Penapake pa njira imeneyi ndi pomwe pavuta, nde ntchito yanu ndi kupeza malowo, posintha chinthu chimodzi, kumvetsera, kenako chinanso. Mukasintha kebo, batire ndi soketi zonse nthawi imodzi vuto nkutha, simudziwa chomwe chimalakwika, ndipo likadzabweranso mudzasowa pogwira.

Tisanapite patali, zinthu ziwiri izi ndikupempha musazitenge mwachibwana. Mkati mwa ampu muli ma capacitor akuluakulu amene amasunga magetsi olo mutazimitsa nkuzula pulagi pakhoma. Mu ampu ya ma valavu amatha kukhala ndi ma volt opitilira 400, ndipo ngakhale tima ampu tamakono topepuka tija ta class D tili ndi mbali yosunga ma volt 300 kapena kuposa. Zimenezo zimapha. Pafupifupi zonse ndalemba panozi ndi zochitira kunja, chivundikiro chili chotseka. Chinacho ndi earth, waya wachitetezo wothawitsira magetsi pansi. Pali anthu amathyola phini la earth pa pulagi kapena kudula waya wake ati pofuna kuthetsa kulira kwa ampu, chonde musayerekeze. Nsambo za bezi yanu ndi zolumikizana ndi chitsulo cha ampu kudzera mu kebo, nde tsiku lina mkatimo mukadzachitika shoti earth palibe, magetsiwo adzadutsa mwa inu. Leslie Harvey, woyimba gitala wa gulu la Stone the Crows, anamwalira pa siteji ku Swansea mu 1972 atagwira maikolofoni yomwe inalibe earth yabwino.

Yambani ndi kebo komanso bezi yomweyo

Ndikudziwa ena muziti zimenezo ndiye timazidziwa kale, koma kebo ndi imene imazunzika kuposa china chilichonse, imapondedwa, imakokedwa, imapindidwa molakwika nkuponyedwa mchikwama. Zulani ku bezi, isiyeni ili ku ampu kokha, voliyumu ikhale pansi pang'ono, kenako gwirani kunsonga kwa jeki ndi chala. Mukamva kuti bzzz, ndiye kuti kebo ikudutsitsa ndipo ampu ikugwira ntchito kuyambira pa input mpaka ku sipika, maso anu apite ku bezi. Ngati kuli zii, yesani kebo ina yomwe mukuidziwa kuti ndi yabwino, osati ija yatha chaka ili pansi pa chikwama. Kebo yoduka-duka mumaigwira poimba noti yaitali wina nkumaipinda pafupi ndi jeki mbali zonse ziwiri, chifukwa ndi pomwe kawaya ka mkati kamathyokera. Mukamasula chivundikiro cha jekiyo nthawi zambiri mumapeza kawaya kachoka pomwe anakawotcherera, kapena tiwaya ta kunja tija tanyenyeka nkumakhudza ka pakati.

Ma pedal onse chotsani kaye, ngakhale tuner. Bezi, kebo, ampu, basi. Vuto likatha, bwezerani imodzi imodzi mpaka liyambirenso. Kawirikawiri amakhala tima kebo tatifupi tolumikizira ma pedal tija kapena adaputa yake.

Tsopano ngati bezi yanu ndi active, ija ili ndi kachitseko ka batire kumbuyo, sinthani batire musanaganize china chilichonse. Limakhala la 9V, mabezi ena awiri kuti akwane 18V. Batire likamatha silimangofa kamodzi ayi, limayamba ndi kunamizira ampu: mawu amachepa mphamvu, mukakoka nsambo ya E molimba amasweka ngati sipika yang'ambika, pomwe mukayimba mofatsa ali bwino. Ndaonapo munthu akumasula sipika yabwinobwino chifukwa cha chimenechi. Ndipo dziwani kuti pa mabezi ambiri jeki ndi imene imagwira ntchito ya switch, nde mukasiya kebo ili chisomekere usiku wonse batire limakhala likudyeka olo ampu ili yozimitsa. Muyang'anenso nati ya pa jeki ya bezi. Ikakhwefuka anthu amangoipotokola ndi dzanja kuchokera kunja, jeki yonse nkumazungulira mkati mpaka mawaya kuduka. Pomanga muyenera kugwira mkatimo kuti isazungulire.

Palinso tizinthu tina toti munthu ukakhala pa phuma sumationa: batani la mute, master ili pa 0 pomwe gain yakwera, kajeki ka mahedifoni katsala kosomeka, kapena pa combo, ampu ija yokhala mu bokosi limodzi ndi sipika yake, kakebo ka sipika kumbuyo kazuka ponyamula. Ngati mumagwiritsa ntchito Speakon, pulagi yopotokola ija ya kebo ya sipika, kulowetsa kokha sikukwanira, mpaka muipotokole imveke kuti tcha.

Mawu oduka-duka, apa ndi pomwe ndinavutikira

Yanga inkachita chonchi. Ndikayatsa imayamba bwino, kenako pakati pa nyimbo mawu amatsika ngati wina wachepetsa voliyumu, nthawi zina nkumveka opyapyala opanda pansi, nthawi zina kuthetheka pang'ono kenako zii. Chodabwitsa nchoti ndikakoka nsambo mwamphamvu kwambiri amabwerera mwadzidzidzi. Ndinasintha makebo, ndinasintha batire, ndinabwereka bokosi la sipika la mnzanga, chimodzimodzi. Ndinakaipereka kwa wokonza wina, anakhala nayo masiku angapo nkundiuza kuti palibe vuto, ndipo sankanama ayi, pa tebulo pake inkalira bwinobwino.

Vuto linali kumbuyo, pa mabowo awiri aja olembedwa send ndi return, a effects loop, amene ndinali ndisanawagwiritsepo ntchito chigulireni ampuyo. Mmene zimakhalira ndi chonchi: mawu akachoka ku preamp kupita ku power amp, pa ma ampu ambiri amadutsa pa kachitsulo kakang'ono kamene kali mkati mwa jeki ya loop. Mukasomeka kebo kachitsuloko kamatseguka kuti mawu azungulire ku ma effect, mukazula kamatsekanso. Nde ngati simusomekapo chilichonse kwa zaka, kamangokhala pamodzimodzi, fumbi ndi chinyezi zimapanga kadzimbiri pomwe tizitsulo tikukhudzana, mawu nkumavutika kudutsa. Nchifukwa chake ndikamenya noti mwamphamvu amaboola kadzimbiriko nkubwerera.

Kuyesa kwake nkosavuta. Tengani kakebo kakafupi ka gitala, mbali ina mu send ina mu return. Mukatero mawu akulambalala kachitsulo kaja. Vuto likatha, mwapeza. Ine nditasomeka kakeboko ampu inangodzuka, mawu odzadza ngati tsiku loyamba, ndinayimba maola awiri osaduka olo kamodzi. Kuti likonzeke zenizeni, zulani ampu ku magetsi, poperani contact cleaner, mankhwala opopera otsukira zolumikizira zamagetsi, pa jeki ya kebo, ilowetseni nkuitulutsa mu bowolo maulendo 15 kapena 20, mudikire iwume. Chitani chimodzimodzi pa bowo la mahedifoni, la preamp out ndi power amp in ngati alipo, chifukwa onsewo amakhala ndi tizitsulo tofanana. Ena amangosiya kakebo kaja pomwepo mpaka kalekale ndipo palibe cholakwika.

Mabowo omwewa ndi othandizanso pogawa ampu pawiri. Somekani bezi mwachindunji mu return, koma muyambe voliyumu ya bezi ili pansi chifukwa pa ma ampu ena master sigwira ntchito mukalowera pamenepo. Mawu adzakhala ochepa, makamaka ngati bezi ndi passive, yopanda batire, koma akakhala oyera osaduka ndiye kuti power amp ndi sipika zili bwino, vuto lili ku preamp kapena pa input. Ndipo mukatenga send kupititsa ku mikisa kapena ku ampu ina, mumva preamp payokha. Ndi kuyesa kuwiri kumeneku mwadziwa kale theka lomwe likudwala, ndipo ngakhale mutapita kwa wokonza mwamuchepetsera ntchito.

Ngati si loop, gwedezani jeki pa input ya ampu uku mukuyimba. Ma ampu ambiri jeki imeneyi anaiwotcherera pa bolodi penipeni, nde wina akapunthwa pa kebo kamodzi, mtovu wa pamenepo umang'aluka kamng'alu kosaoneka ndi maso. Chimodzimodzi ma nobu akagundidwa ponyamula. Komanso kumbukirani kuti combo ya bezi imadzigwedeza yokha tsiku lililonse, mawu a pansi aja amanjenjemeretsa bolodi yonse, nde pakapita zaka zinthu zolemera ngati ma capacitor ndi ma resistor akuluakulu zimakhwefuka pomwe zinawotchereredwa. Chizindikiro chake ndi chija chomenya pamwamba mawu nkubwerera, kapena vuto lomangoyamba ampu ikatentha. Kumenyako kukuthandizeni kudziwa chabe, musakusandutse mankhwala, mng'aluwo umakulirakulira. Iyi ndi ntchito ya munthu wodziwa kuwotcherera pa bolodi ndipo simatenga nthawi.

Za ma nobu othetheka mukamawapotokola, kawirikawiri ndi fumbi. Ampu ili yozimitsa, potokolani nobuyo uku ndi uku maulendo ambirimbiri, nthawi zina zimathera pomwepo. Zikakanika pamafunika contact cleaner mkati mwa pot, kachida kali kuseri kwa nobuyo. Musathiremo mafuta a makina kapena opopera mabawuti a dzimbiri aja, amasiya zomata zomwe zimakokanso fumbi.

Kulira kuja kwa huuuu

Apa khutu lanu la bezi likuthandizani kwambiri, chifukwa kulirako kuli ndi noti yake. Kumene magetsi amayenda pa 50 Hz, kulira kwa magetsi kumakhala pafupi kwambiri ndi G wa pa fret 3 pa nsambo ya E, amene ali pa 49 Hz. Kumene ali 60 Hz kumagwera pakati pa B flat ndi B pa nsambo ya A. Koma mukamva kuti kukulira octave imodzi pamwamba, 100 Hz yomwe ili pafupi ndi nsambo ya G yosagwira, kapena 120 Hz kwa a 60 aja, ndipo kukumveka olo mutazula chilichonse pa input nkutsitsa master mpaka pansi, pamenepo ganizirani ma filter capacitor a mu power supply kuti atopa. Ntchito yawo ndi kusalaza magetsi akachoka pa rectifier, kachida kosandutsa magetsi a pakhoma kukhala oyenda mbali imodzi, akauma kapena kufufuma amasiya timafunde tija tidutse. Zimachitika kwambiri pa ma ampu akale ndi amene akhala zaka osayatsidwa. Chinanso chomwe mungamve ndi kamawu kachilendo kotsatira pansi pa noti iliyonse ngati pali wina akuyimba nanu mosemphana. Imeneyo ndi ya wokonza.

Koma kulira kwambiri sikuchokera mkati mwa ampu. Tsitsani voliyumu ya pa bezi mpaka 0. Kukasiya, ndiye kuti ma pickup ndi amene akutola phokoso mmalo muli inumo. Tembenukani pang'onopang'ono muli chinyamulire bezi, mumva kukukwera nkumatsika malinga ndi komwe mwayang'ana. Ma pickup a mtundu wa single coil amatero mwachibadwa. Pa mabezi a mtundu wa Jazz Bass, ma pickup awiriwo anawapanga moti mukawakweza onse mofanana amathetsana kulirako, mukatsitsa imodzi kumabwerera, nde si kuwonongeka ayi. Ma dimmer a magetsi a pa siteji, machubu a fluorescent, machaja a laputopu, foni ili mthumba pafupi ndi pickup, zonsezi zimalowa. Kuima pafupi kwambiri ndi ampu yanu yomwe, makamaka yokhala ndi transformer yaikulu, nakonso kumaliritsa.

Gwirani nsambo. Phokoso likachepa mukagwira, zili bwino, ndi mmene ziyenera kukhalira. Likapanda kusintha koma nkumachepa mukagwira chitsulo cha pa jeki ya kebo, ndiye kuti kawaya ka ground kopita pansi pa bridge kaduka kapena sikakukhudza. Ndipo ngati mukumva kunyerenyetsa kwa magetsi mzala kapena pa milomo mukayandikira maikolofoni, siyani kuyimba pomwepo, zimitsani, soketi kapena ekisitenshoni imeneyo ili ndi vuto la earth ndipo iyang'anidwe ndi wodziwa zamagetsi.

Kulira kwina kumangoyamba mukalumikiza ku mikisa DI ya ampu, bowo lija lotumizira mawu a bezi ku mikisa. Imeneyo ndi ground loop, zida ziwiri zili ndi earth kudzera ku masoketi osiyana kenako mwazilumikizanso ndi kebo ya XLR, nde timagetsi tochepa tikuzungulira mmenemo. Dinani batani la ground lift lomwe lili pafupi ndi DI. Limeneli limangodula pin 1 ya XLR, silikhudza earth ya ku magetsi, nchifukwa chake ndi lotetezeka. Ngati nkotheka ampu ndi mikisa zitenge magetsi pa gwero limodzi.

Mawu osweka kapena ngati china chake chikugwedera

Batire tanena kale. Chotsatira ndi gain. Ngati kanyali ka clip kapena peak kakungoyaka noti iliyonse, tsitsani gain nkukweza master. Bezi ya active ilowe pa input yolembedwa active, kapena dinani pad ija ya -10 kapena -15 dB. Kenako yang'anani EQ yanu moona mtima. Ambirife timakonda kukweza nobu ya bass mpaka kumapeto chifukwa kuchipinda zimakoma, koma kuwonjezera 3 dB kokha kumafuna mphamvu zowirikiza kawiri, 6 dB kanayi. Nsambo ya E yosagwira ili pa 41 Hz, B ya bezi ya nsambo 5 ili cha pa 31 Hz, ndipo mabokosi ang'onoang'ono ambiri satha kutulutsa mawu a pansi choncho, sipika imangovina kwambiri popanda chomveka, mpaka nkumagunda. Bwezerani ma nobu onse pakati, muyambirenso. Ngati simukumveka mu bandi, kwezani low mid osati bass.

Kuti mudziwe ngati ndi sipika, mvetserani pa mahedifoni kapena pa DI. Kukakhala koyera uko koma ku bokosi kukusweka, ndiye kuti ndi sipika kapena power amp. Yesani bokosi lina ngati lilipo. Ngati palibe, zimitsani, chotsani sefa ya kutsogolo, ikani zala mozungulira kachipewa ka pakati pa sipika, osati pamwamba pake, nkukankha pang'onopang'ono mofanana mbali zonse. Iyenera kulowa nkubwerera mwakachetechete. Mukamva kukhwekhwereza ngati mchenga, voice coil, koyilo ya waya yomwe imakankha pepala la sipika, inatentha nkupindika, ikukhudza maginito. Yang'ananinso mmphepete mwa pepala ngati mwang'ambika kapena guluu wamatuka, muunike ndi tochi chifukwa ming'alu ina imaoneka pokhapokha pepala likasuntha.

Muli ndi multimeter? Zulani bokosi ku ampu, muyeze ma ohm pa kebo yake. Bokosi la 8 ohms limawerenga cha pa 5 mpaka 7, la 4 ohms cha pa 3, musadabwe kuti sizikufika pa nambala yolembedwa, ndi mmene zimakhalira. Mita ikapanda kuwerenga chilichonse ndiye kuti penapake paduka, ikawerenga pafupi ndi 0 pali shoti. Pa bokosi la masipika angapo ngati 4x10, nambala ikakwera kuposa yoyenera nthawi zambiri ndiye kuti imodzi yafa kapena waya wake wazuka. Njira ina ndi ya batire: khudzitsani batire la 9V ku kebo ya bokosilo kamphindi kochepa chabe, mumva kuti phu ndipo masipika onse ayenera kusunthira mbali imodzi. Yomwe sinasunthe nkomwe ndi yakufa, yomwe yalowa mkati anzake akutuluka ndiye kuti mawaya ake anatembenuzidwa, ndipo zimenezo zimadya mawu a pansi kwambiri. Izi zimachitika kawirikawiri wina akangosintha kumene sipika.

Musaiwalenso kuti phokoso lina si lamagetsi nkomwe. Sikuluwu yokhwefuka pa sipika, sefa, chogwirira, tizitsulo ta mmakona, ngakhale zenera la mchipindamo kapena snare ya mnzanu. Pezani noti yomwe ikuyambitsa kugwederako, wina aziiyimba mobwereza inu mukugwira malo osiyanasiyana ndi dzanja mpaka phokoso litasiya. Ngati bokosi lili ndi tweeter, kasipika ka mawu a mmwamba kaja, ndipo kuthetheka kukumveka mmwamba mokha, tsitsani nobu yake kumbuyo mumve ngati kwatha.

Ampu yomazima yokha ikatentha

Iyi imayimba bwino mphindi 20 kapena 30 kenako nkuzima, kapena kanyali ka protect nkuyaka, mukaisiya izizire iyambanso. Sikuti yafa, ikudziteteza. Onani ngati fani ikuzungulira, onani mabowo a mpweya ngati sanatsekeke ndi fumbi, ndipo musaigunditse kukhoma kapena kuyikapo jekete ndi zikwama pamwamba.

Kenako werengani ma ohm anu, apa ndi pomwe ma ampu ambiri amapsera. Kumbuyo kumalembedwa minimum load, ambiri ndi 4 ohms. Mabowo awiri a sipika aja nthawi zambiri ndi a parallel, nde mabokosi awiri a 8 amapanga 4, zomwe zili bwino. Koma awiri a 4 amapanga 2, ndipo la 8 ndi la 4 amapanga pafupifupi 2.7, zonsezo zili pansi pa 4. Ampu imakakamizika kutulutsa current yoposa mphamvu zake, imatentha, ikakhala ndi chitetezo imazima, ikakhala ilibe ma transistor amapsa. Pa combo muwerengerenso sipika ya mkati musanawonjezere bokosi lina.

Kebo ya sipika nayo ikhale ya sipika. Imafanana ndi ya gitala kunja ngati ili ndi ma jeki, koma ya gitala ili ndi kawaya kamodzi kowonda kwambiri pakati, sikangathe kunyamula ma watt mazanamazana, kamatentha nkusungunula pulasitiki mpaka shoti. Mukaitembenuzanso, kugwiritsa ntchito ya sipika ku bezi, mudzamva kulira koopsa chifukwa ilibe shield. Zilembeni chizindikiro kuti zisamasokonekere mumdima. Magetsi ofooka nawonso amazimitsa ampu, makamaka pa jenereta yaing'ono kapena ekisitenshoni yaitali yowonda yomwe mwadzazapo zida zonse za bandi, mumaona kuti imazima pa noti zamphamvu zokhazokha. Yesani soketi ina payokha muone.

Koma pali chizindikiro chimodzi chofunika kuzimitsa msangamsanga. Mukayatsa, sipika nkudumphira kunja kapena mkati nkukhala pomwepo osabwerera, uku kukulira mwamphamvu, ndiye kuti ampu ikutulutsa DC, magetsi okankhira mbali imodzi yokha, ndipo voice coil itha kupsa mu masekondi ochepa. Zimitsani, zulani bokosi, ndipo musayesere pa bokosi lina chifukwa mupsereza awiri.

Ikakana kuyaka nkomwe

Yesani soketi ndi chida china, sinthani kebo ya magetsi ija yofanana ndi ya kompyuta, ndipo ngati pulagi yanu ili ndi fyuzi mkati muyeze imeneyonso. Fyuzi ya ampu nthawi zambiri imakhala mu kadirowa kakang'ono pomwe pamalowa kebo ya magetsi, ndipo ma ampu ena amasungamo ina yapadera. Zulani kaye ku magetsi musanatsegule. Yatsopano ikhale yofanana ndendende ndi zolembedwa pa ampu, ma amp ake, ma volt ake, komanso chilembo chake: T ndi yochedwa kupsa, F ndi yofulumira. Mukaika F pofunika T imapsa pongoyatsa chifukwa ampu imakoka magetsi ambiri kamphindi koyamba. Ngati pali switch ya 115 ndi 230 onetsetsani kuti ili pa magetsi a komwe muli, makamaka ngati ampu yachokera dziko lina.

Fyuzi imatha kufa ndi ukalamba, nde kusintha kamodzi palibe vuto. Koma mukapeza galasi lake lada bii mkati, kapena yatsopano yapsanso pomwepo, imani. Pali shoti mkati, mwina ma output transistor, rectifier kapena valavu. Musaike yaikulu, musakulunge ndi kapepala konyezimira kapena kawaya. Fyuzi ikupsa kuti transformer isapse, ndipo transformer ndi chimodzi mwa zinthu zodula kwambiri mu ampu. Chimodzimodzi mukamva fungo la chinthu chopserera kapena kuona utsi, musayatsenso kuti muone ngati zasintha.

A ma valavu, inu muli ndi lamulo lina lowonjezera: musayatse ampu popanda sipika, ndipo ma ohm a bokosi agwirizane ndi bowo kapena switch ya kumbuyo. Ampu ngati Ampeg SVT, yomwe inatuluka mu 1969 ndi ma watt 300 kuchokera ku ma valavu amphamvu 6, mukaiyimba yopanda bokosi mutha kuwononga output transformer. Valavu yaing'ono ya preamp ngati 12AX7 ikatopa imachita kulira ngati belu kapena kuyimba likhweru, mukaigogoda pang'ono ndi pensulo yamtengo imamveka kwambiri ku sipika kuposa zinzake, ndipo kusintha kwake nkongozula nkusomeka ina ampu itazima nkuzizira. Ma ampu ena a transistor ali ndi valavu imodzi yotere ku preamp, nde musaiwale. Koma zazikulu zija, mukaona chitsulo cha mkati chotuwa chija chafiira ngati khala, osati kakuwala ka pakati kokha, zimitsani. Zikasinthidwa pamafunikanso kukonza bias, mlingo wa magetsi odutsa mu ma valavuwo, imeneyo siyani kwa wodziwa.

Mukafika popita nayo kwa wokonza, musangonena kuti yawonongeka. Muuzeni kuti imaduka ikatentha kapena ikangoyaka, pa noti ziti, mwayesa makebo angati, mutalowera mu return zinamveka bwanji, pa mahedifoni zinali bwanji. Vuto loduka-duka limakonda kubisala likafika pa tebulo ngati mmene yanga inachitira, nde likayamba jambulani kavidiyo pa foni mawu ake amveke ndi tinyali ta kutsogolo tioneke. Mutengenso kebo ya sipika, ya magetsi komanso bokosi lomwe mumagwiritsa ntchito masiku onse, ndipo pokaitenga pitani ndi bezi yanu muiyimbe pomwepo kwa theka la ola pa voliyumu ya pa siteji musanainyamule.